Wolfgang Amadeus Mozart: moyo wa katswiri wa nyimbo monga ukuonekera m'makalata ake

Pa 5 Disembala 1791, mumzinda wa Vienna m'dziko la Austria, munamwalira bambo wina wa zaka 35 zokha. Anasiya mkazi, ana aamuna awiri, ngongole, ndi nyimbo za Misa ya maliro zimene anali asanamalize kupeka. Anasiyanso nyimbo zoposa 600, zimene mpaka lero zikuimbidwa m'matchalitchi ndi m'nyumba za zoimbaimba pa dziko lonse. Dzina lake ndi Wolfgang Amadeus Mozart.

Anthu ambiri otchuka akale timawadziwa kudzera m'zimene ena analemba za iwo. Koma Mozart timamudziwa kudzera m'dzanja lake lomwe, chifukwa banja lake linali lokonda kulemberana makalata ndiponso losataya kalata. Akuluakulu a kuno ku Ligowe, amene anaona nthawi ya makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale, akudziwa kuti kalata imaulula zambiri kuposa zimene mwini wake anafuna kunena. Makalata a Mozart ali chimodzimodzi. Muli nthabwala, mkwiyo, kusowa kwa ndalama, chikondi, ndi chikhulupiriro cha Mkatolika wofooka ngati ife tomwe.

Mwana wa woimba wa kwa Episkopi

Mozart anabadwa pa 27 Januwale 1756 mumzinda wa Salzburg, ndipo anabatizidwa m'mawa mwake m'tchalitchi chachikulu cha dayosiziyo. Pa kalendala ya Mpingo ya nthawiyo, tsiku limene anabadwa linali la Yohane Krisostomo Woyera, choncho anapatsidwa dzina la woyerayu pamodzi ndi la Wolfgang. Dzina lina linali Theophilus, la Chigriki, limene m'Chilatini ndi Amadeus. Tanthauzo lake ndi wokonda Mulungu, kapena wokondedwa ndi Mulungu.

Bambo ake, a Leopold, ankaimba vayolini m'gulu la oimba la Arkiepiskopi wa ku Salzburg, amene masiku amenewo analinso wolamula dera lonselo ngati mfumu. Mayi ake anali a Anna Maria. M'banjamo munabadwa ana asanu ndi awiri, koma amene anakula ndi awiri okha: Maria Anna, amene ankamutchula kuti Nannerl, ndi mlongo wake Wolfgang, mzime.

M'mera mpoyamba. Pofika zaka zisanu mwanayu anali atayamba kupeka tinyimbo, bambo ake n'kumamulembera pa pepala. Kuyambira 1763 mpaka 1766 banja lonse linayenda pa ngolo yokokedwa ndi akavalo kukafika ku Munich, Paris, London ndi mizinda ina, ana awiriwo akuimba pamaso pa mafumu. Za ulendowu timazidziwa chifukwa a Leopold ankalembera makalata a Lorenz Hagenauer, mwini nyumba imene ankachita lendi ku Salzburg. Ankafotokoza za mphatso zimene analandira, mitengo ya zinthu, ndi matenda a ana, ndipo kangapo anapempha kuti ansembe kwawo apereke nsembe za Misa popempherera anawo. Mu 1767 ana onse awiri anadwala nthomba, koma anachira.

Makalata oyamba a Wolfgang mwini wake ndi timawu timene ankawonjezera m'munsi mwa makalata a bambo ake, pamene awiriwa anali ku Italy kuyambira kumapeto kwa 1769. Ankaseka mlongo wake, kusakaniza zilankhulo, ndi kupsompsona dzanja la mayi ake kambirimbiri pa pepala. M'Sabata Loyera la 1770 anafika ku Roma. M'tchalitchi cha Sistine anamva nyimbo ya Salimo 51 yopekedwa ndi Gregorio Allegri, imene oimba a Apapa ankaisunga ngati chuma chawo. Mnyamata wa zaka 14 atabwerera kumene ankagona anailemba pa pepala kuchokera m'mutu. Nkhaniyi ili m'kalata imene a Leopold analembera akazi awo. Mu Julayi chaka chomwecho Papa Clement XIV anamupatsa mendulo yaulemu.

Usiku wa ku Paris

Mu 1772 ku Salzburg kunabwera Arkiepiskopi watsopano, a Hieronymus Colloredo, munthu wosakonda zochedwa. Kalata imene inapita ku Bologna m'dzina la Wolfgang mu 1776, kwa wansembe wodziwa nyimbo Padre Martini, ikudandaula kuti Misa yonse pamodzi ndi nyimbo zake sinkaloledwa kupitirira mphindi 45. Akwaya athu amene anauzidwapo kuti afupikitse nyimbo angathe kumumvetsa. Komabe lamuloli linamuphunzitsa kunena zambiri m'nthawi yochepa.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu Seputembala 1777 Wolfgang ananyamuka kukafuna ntchito kwina. Bambo ake sanaloledwe kuchoka pa ntchito, ndiye anatsagana ndi mayi ake. Makalata a ulendowu akuonetsa bambo wodera nkhawa ndi mwana wofuna kudziimira payekha. A Leopold ankafunsa za ndalama, za anzake amene ankacheza nawo, ngakhale za kulapa. Funso la kulapalo linamuwawa Wolfgang, ndipo anayankha modandaula kuti bambo ake asamuganizire zoipa chotero. M'kalata ina anali atawatsimikizira kale kuti Mulungu amakhala pamaso pake nthawi zonse. Ku Mannheim anagwa m'chikondi ndi mtsikana woimba, Aloysia Weber, ndipo anayamba kuzengereza. Bambo ake anamulembera kalata yaukali yomulamula kuti apite ku Paris.

Ku Paris ntchito yomukhutiritsa sinapezeke, ndipo mayi ake anadwala. Analapa, analandira Ukaristia ndi Sakramenti la Kudzoza Odwala, ndipo anatsirizika usiku wa pa 3 Julayi 1778, ali ndi zaka 57. Wolfgang anali ndi zaka 22, m'dziko la eni, kopanda mbale.

Zimene anachita usiku womwewo ife Amalawi sitingazidabwe. Analemba makalata awiri. M'kalata yopita kwa bambo ake anangonena kuti matenda a mayi akula kwambiri, chiyembekezo n'chochepa, ndipo onse agonjere chifuniro cha Mulungu. Kuti nkhalambayo isadzidzimuke, anapitiriza ndi nkhani zina. Anafotokoza mmene anthu a ku Paris anaombera m'manja nyimbo yake yatsopano pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, ndi kuti atatuluka m'nyumba ya zoimbaimba anapemphera korona monga analonjezera. Kalata yachiwiri inapita kwa mnzawo wa banjalo, Abbé Joseph Bullinger. Mmenemo ananena zoona zonse, napempha kuti apite kunyumba akakonzekeretse mitima ya bambo ndi mlongo wake. Makalatawa anayenda masiku khumi. Atafika, a Bullinger anapita okha kunyumbako, ndipo a Leopold anazindikira za imfayo pali munthu wowagwira dzanja. Pa 9 Julayi Wolfgang analembanso kalata ina yofotokoza zonse ndi kupepesa kuti anabisa.

Makolo athu ankatero. Uthenga wa maliro unkapita ndi munthu, ndipo kwa wachibale amene ali kutali ankayamba ndi mawu akuti matenda afika povuta. Masiku ano pali amayi amene amamva za imfa ya mwana wawo pa WhatsApp kapena pa Facebook ali pa msika, chithunzi cha malemu chitafalikira kale. Mnyamata wa zaka 22, mtembo wa mayi ake uli pambali, anaganizira za mtima wa wolandira uthenga. Tisanatumize uthenga wa maliro pa foni, tiyambe tafunsa ngati eni maliro onse auzidwa, ndiponso ngati pali munthu amene ali nawo pafupi.

Kusiya ntchito ndi kumanga banja

Anabwerera ku Salzburg mu Januwale 1779 nalembedwa ntchito yoimba limba kwa Arkiepiskopi. M'chaka chimenecho anapeka imodzi mwa Misa zake zodziwika kwambiri. Koma mtima sunali m'malo. Mu 1781 anaitanidwa ku Vienna kumene Arkiepiskopi anapita, ndipo analembera bambo ake mowawidwa mtima kuti pa chakudya ankamukhazika tebulo limodzi ndi antchito a m'nyumba ndi ophika. Anapempha kuti amumasule pa ntchito. Kalata yake ya pa 9 Juni ikufotokoza kuti mkulu wina wa panyumba ya Arkiepiskopi, Count Arco, anamutulutsa pakhomo ndi theche. A Leopold anamuuza kuti apepese, iye anakana. Kuyambira pamenepo anadzidalira yekha: kuphunzitsa ana a anthu olemera, kuimba piyano pa misonkhano yolipiritsa, ndi kupeka nyimbo zimene anthu aitanitsa.

Aloysia anali atamukana kale ndipo anakwatiwa ndi wina. Wolfgang anakonda mng'ono wake, Constanze. Bambo ake sanalifune banja la a Weber, ndipo makalata a miyezi imeneyo ndi a mwana wochonderera dalitso la kholo. Ukwati unadalitsidwa pa 4 Ogasiti 1782 m'tchalitchi chachikulu cha Stefano Woyera ku Vienna. Kalata ya chilolezo cha bambo inafika m'mawa mwake. Patapita masabata awiri, Wolfgang anawauza kuti iye ndi Constanze anali akupita limodzi ku Misa, kukalapa ndi kukalandira Ukaristia kuyambira ali pa chibwenzi, ndipo sanapempherepo ndi mtima wonse monga ankachitira ali pambali pa mkaziyo.

M'kalata ya pa 4 Januwale 1783 anatchula za lonjezo limene anachita mumtima mwake, loti adzapeka Misa akadzapita ndi mkazi wake ku Salzburg, ndipo anati theka linali litalembedwa kale. Misayo inaimbidwa pa 26 Okutobala 1783 m'tchalitchi cha amonke cha Petro Woyera, Constanze akuimba nawo mbali ya mawu okwera. Sanaimalize mpaka imfa yake, komabe akatswiri amaiika pakati pa nyimbo zopambana za Mpingo. Ali ku Salzburg komweko, mwana wawo woyamba, Raimund, amene anamusiya ndi mlezi ku Vienna, anamwalira ali ndi miyezi iwiri. Mwa ana asanu ndi mmodzi amene anabereka, anakula ndi awiri okha, Karl Thomas ndi Franz Xaver.

Kalata yomaliza kwa bambo

Zaka za 1784 mpaka 1787 zinali za ulemerero. Ndalama zinkalowa, ndipo anapeka masewero oimba otchuka monga Figaro mu 1786 ndi Don Giovanni mu 1787. A Leopold atakacheza ku Vienna mu 1785, katswiri wamkulu Joseph Haydn anawauza kuti sankadziwa wopeka nyimbo wina woposa mwana wawo. Bambowo analemba mawuwo m'kalata kwa Nannerl, ndipo ndi mmene anatifikira.

Sitikunena za woyera. Mozart ankakonda zovala zodula ndi nyumba zazikulu, ndipo sankadziwa kusunga ndalama. Makalata ena a unyamata wake, makamaka opita kwa msuweni wake wa ku Augsburg, ali ndi nthabwala zotukwana zosayenera kuwerengedwa pagulu. Mu Disembala 1784 analowa gulu la Freemason, limene Apapa anali ataletsa Akatolika kulowamo kuyambira 1738, ngakhale ku Vienna masiku amenewo anthu ambiri apamwamba ankalowamo poyera. Iye sanadzione ngati wachoka mu Mpingo, ndipo anapitiriza kutumikira pa nyimbo za m'tchalitchi.

Pa 4 Epulo 1787 anamva kuti bambo ake akudwala kwambiri. Kalata imene analemba tsikulo ndi yodziwika kuposa onse. Ananena kuti kwa zaka zingapo anazolowera kuganizira za imfa, kotero kuti sinkamuopsanso. Ankaiona ngati bwenzi loona la munthu ndiponso kiyi wotsegulira chimwemwe chenicheni, ndipo ankathokoza Mulungu pomupatsa mwayi wozindikira zimenezi. Anati sankagona osaganizira kuti mwina mawa sadzakhalapo, ngakhale anali wamng'ono, koma palibe womudziwa amene akanati ndi munthu wandwii. Anapempha bambo ake kuti asamubisire ngati matenda akula, kuti athamangire kukawaona. Anali ndi zaka 31.

A Leopold anamwalira pa 28 Meyi 1787. Mwana wawo sanawaonenso, ndipo pa maliro sanakhalepo, chifukwa uthenga unamupeza ataikidwa kale. Awiriwa anakhala zaka zambiri akukangana pa pepala, koma mawu otsiriza amene anatsala ndi achikondi. Ife amene tili ndi makolo kumudzi ndipo sitinawaimbire foni kwa miyezi chifukwa cha mkangano wa munda kapena wa ukwati, tisayembekeze kuti mpata udzakhalapo nthawi zonse.

Makalata a ngongole

Mu 1788 dziko la Austria linalowa m'nkhondo ndi Turkey. Zinthu zinakwera mtengo, ndipo olemera anachepetsa zolipira oimba. Mozart anali ndi ntchito yaing'ono kunyumba ya mfumu yolandira magulden 800 pa chaka, koma sizinkakwana. Mu 1789 Constanze anadwala, ndipo ankafunika kupita kawirikawiri ku Baden, tauni ya akasupe a madzi otentha pafupi ndi Vienna.

Apa ndi pamene anayamba kulembera mnzake wamalonda a nsalu, Michael Puchberg, kupempha ngongole. Makalatawa alipo pafupifupi makumi awiri, kuyambira 1788 mpaka 1791, ndipo ndi omvetsa chisoni kuwerenga. Munthu amene anaimbira mafumu akuchonderera, akulonjeza kubweza ndi chiwongoladzanja, akunena za manyazi ake, za mwini nyumba amene akufuna lendi, za katundu amene wapinyolitsa, ndi za maganizo akuda amene ankalimbana nawo. Puchberg ankalemba pa makalata ambiri ndalama zimene watumiza. Kawirikawiri zinali zochepa kuposa zimene anapemphedwa, koma ankatumiza ndithu, ndipo zonse pamodzi zinakwana magulden pafupifupi 1,400.

Chodabwitsa n'chakuti m'miyezi yomweyo ya Juni mpaka Ogasiti 1788, pamene mwana wake wamkazi Theresia anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, Mozart anamaliza nyimbo zikuluzikulu zitatu za gulu lonse la zoimbira, zimene zimawerengedwa pakati pa ntchito zake zopambana. Womvera sangadziwe kuti wozipekayo analibe ya lendi. N'chimodzimodzi pakati pathu. Amene amatitsogolera nyimbo Lamulungu ndi nkhope yowala mwina wasiya kunyumba mwana wodwala kapena ngongole ya ku banki mkhonde. Mphatso siichotsa umphawi, ndipo dzina la Puchberg likukumbukiridwa lero chifukwa chongothandiza mnzake mwakachetechete.

Chaka chotsiriza

Mu 1791 zinthu zinayamba kusintha. Mozart analembera akuluakulu a mzinda wa Vienna kupempha kuti akhale wothandiza mkulu wa nyimbo pa tchalitchi cha Stefano Woyera popanda malipiro, poyembekeza kudzalowa m'malo mwake, ndipo anavomera. Constanze anali woyembekezera ndipo anapitanso ku Baden. Makalata amene ankamulembera pafupifupi tsiku ndi tsiku ndi a mwamuna wosowa mkazi wake. Ankamuchenjeza kuti asaterereke posamba, asayende yekha, ndipo ankamuuza zimene wadya ndi nthawi imene wadzuka.

Ku Baden kunali mphunzitsi wina, Anton Stoll, amene ankatsogolera kwaya ya parishi. Mozart anamulembera kuti apezere Constanze chipinda chapansi kuti asavutike ndi masitepe. Pa 17 Juni 1791 anamupekera nyimbo yaifupi yolemekeza Ukaristia, Ave verum corpus, yoti iimbidwe pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye. Ndi nyimbo ya mphindi zitatu, yosavuta, yoyenera kwaya ya tauni yaing'ono. Katswiri amene ankatha kupeka zovuta kwambiri anayeza mphamvu za oimba wamba, nawapatsa nyimbo imene akanaitha. Lero imaimbidwa pa dziko lonse.

Kalata yake yomaliza imene inasungidwa ndi ya pa 14 Okutobala 1791. Akuuza Constanze kuti anatenga mwana wawo Karl kukaonera sewero lake latsopano, pamodzi ndi woimba mnzake Antonio Salieri, amene analiyamikira kwambiri. Akudandaulanso kuti kusukulu kumene Karl ankagonera ana ankangodya ndi kusewera, ndipo akufuna kumusamutsira kusukulu ya ansembe a chipani cha Piarist. Kalata yotsiriza ya katswiri wotchuka chotere ikukamba za sukulu ya mwana.

Nthawi imeneyo anali akupeka Requiem, nyimbo za Misa ya maliro, zimene mkulu wina wolemera, Franz von Walsegg, anaitanitsa mobisa dzina pokumbukira malemu akazi ake. Pa 20 Novembala Mozart anagwa pa mphasa, thupi litatupa, ndipo anamwalira patapita masabata awiri. Anaikidwa kumanda a St Marx m'manda wamba opanda chizindikiro, monga unalili mwambo wa anthu wamba ku Vienna. Requiem anaimaliza ndi wophunzira wake, Franz Xaver Süssmayr.

Amene anasunga makalata

Constanze anatsala wamasiye ali ndi zaka 29, mwana wamng'ono ali ndi miyezi inayi. Mkazi amene apongozi ake ankamukayikira uja ndiye anapulumutsa banjalo. Anapempha penshoni kwa mfumu, anakonza misonkhano ya nyimbo za mwamuna wake, anagulitsa mwanzeru zolemba zake, ndipo anabweza ngongole ndi kuphunzitsa ana. Mu 1809 anakwatiwa ndi Georg Nikolaus von Nissen wa ku Denmark. Awiriwa anasonkhanitsa makalata, ndipo ambiri anawalandira kwa Nannerl, amene anawasunga mpaka ukalamba wake. Buku la mbiri ya Mozart lochokera m'makalatawa linatuluka mu 1828. Nissen anafufuta mayina ena ndi mawu amene anawaona ochititsa manyazi, koma zambiri zinatsala. Mu 1938 Emily Anderson anawamasulira m'Chingerezi, ndipo lero ambiri akusungidwa ndi bungwe la Mozarteum ku Salzburg.

Abale ndi alongo, Mpingo sunamutchule Mozart kuti ndi woyera, ndipo makalata ake sabisa zifukwa. Koma akutionetsa munthu amene analandira mphatso yaikulu naigwiritsa ntchito mpaka tsiku lotsiriza, pakati pa maliro a ana anayi, mikangano ya pachibale ndi ngongole. Pa Misa ya lero tiwakumbukire akwaya athu, oimba ng'oma, zisekese ndi limba, amene amasiya ntchito za kumunda ndi za pakhomo kukaphunzira nyimbo mkati mwa sabata popanda malipiro. M'miphakati yathu tifunse ngati pali wina wa iwo amene akusowa thandizo. Tipempherenso oimba onse amene anatisiya, kuti Ambuye awapatse mpumulo wosatha.